Dzina la Crewe ndi lakale kuposa njanji

Achimwene, mwafunsa ngati tawuni ya Crewe ku England inatchedwa choncho chifukwa cha gulu la anthu ogwira ntchito m'sitima, poti pa Chingerezi amawatchula ndi mawu omveka chimodzimodzi akuti crew. Ayi ndithu, kungofanana katchulidwe chabe.

Dzinali likupezeka kale m'kaundula wa malo wa mu 1086, Domesday Book, lolembedwa kuti Creu. Akatswiri a mayina a malo amati linachokera ku mawu a Chiwelshi chakale akuti criu, otanthauza mpanda wotchinga mtsinje pofuna kukola nsomba, ngati muja timatchingira madzi n'kutchera mono. Ena amati ankanena za powolokera mtsinje. Za Chiwelshizo musadabwe: Crewe ili ku Cheshire, kufupi ndi malire a Wales, ndipo anthu a chilankhulo chimenecho ndiwo ankakhala kumeneko Angerezi asanafike.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi momwe dzinali linasamukira. Crewe yeniyeni inali kamudzi ka alimi pafupi ndi nyumba ya banja lolemera, Crewe Hall. Banjalo linatenga dzina kwa malowo, osati malo kwa banja monga ambiri amaganizira. Mu 1837 kampani ya Grand Junction Railway inamanga siteshoni m'minda ya kumeneko, niitcha Crewe. Pofika 1843 inasamutsirako fakitale yake ya mitu ya sitima kuchokera ku Edge Hill ku Liverpool, ndipo inamangira antchito ake nyumba ndi tchalitchi. Nyumbazo sizinali ku Crewe ayi, zinali m'dera loyandikana nalo la Monks Coppenhall. Komabe munthu aliyense wobwera ankatsikira pa siteshoni ya Crewe, choncho pakamwa pa anthu panazolowera dzina limenelo, mpaka mu 1877 tawuni inavomerezedwa ndi boma ndi dzina la Crewe.

Ndiye kuti siteshoni ndiyo inapatsa tawuni dzina, pamene kwina kawirikawiri zimakhala mosemphana. Kamudzi koyambirira kaja lero kamatchedwa Crewe Green kuti anthu asasokoneze. Ine zimandimvetsa chisoni pang'ono kuti eni dzina ndiwo anachita kuwonjezera mawu.

Ngati mumatsata mpira, timu ya Crewe Alexandra inayambanso mu 1877 momwemo, ndipo mpaka pano amaitcha The Railwaymen, amuna a pa njanji. Mukadzapitako ndi ana, kawaonetseni Crewe Heritage Centre pafupi ndi siteshoni, akaone sitima zakale ndi maso.