Commodore 64 pa monita yobiriwira: waya wake ndi uti?

Wina mwa owerenga wanditumizira imelo. Ali ndi kompyuta ya Commodore 64 komanso monita yakale yosaonetsa mitundu, ija ya zilembo zobiriwira. Atalumikiza chingwe chopita ku TV, sikirini inangoti bii. Atayesa cha composite chithunzi chinabwera, koma zilembo zadzaza timadontho tonjenjemera. Akufunsa ngati monitayo yafa.

Achimwene, monita yanu ili bwinobwino. Bowo la RF, lija la chingwe chopita ku TV, limatulutsa chithunzi ngati mmene imachitira siteshoni ya TV, ndipo pamafunika tuner yochigwira. Monita ilibe tuner. Bowo limenelo lisiyeni.

Nkhani yagona pa timadonthoto. Composite imanyamula zinthu ziwiri m'waya mmodzi: kuwala, komwe amati luma, ndi mitundu, yomwe amati chroma. Chroma imayenda pa 4.43 MHz m'makina a PAL (njira ya TV ya ku Ulaya), pa 3.58 MHz m'makina a NTSC (ya ku America). TV ya mitundu imazilekanitsa ziwirizi, koma monita yanu sidziwa chochita ndi chroma, ndiye imangoijambula ngati kuwala. Monita ikakhala yakuthwa, madonthowo amaonekeratu.

Apa ndi pomwe ndimaikondera kompyuta ya mu 1982 imeneyi: imatulutsa luma payokha pa bowo lozungulira la DIN, kaya la mapini 5 kapena 8. Pezani chingwe cha coax cha 75 ohm. Waya wapakati muwotcherere pa pini 1 ya pulagi ya DIN, ukonde wakunja pa pini 2, mbali inayo pulagi ya RCA yolowa mu monita. Pini 4 ndi composite ija, musaigwiritse ntchito. Mawu ali pa pini 3 ngati muli ndi sipika. Samalani powerenga, mapiniwo sanandandalikidwe motsatana: pa pulagi ya mapini 5 amayenda 1, 4, 2, 5, 3. Onani manambala odindidwa papulasitikiyo, ndipo zimitsani zonse musanalumikize. Mukayatsa mudzaona mawu oti READY pa sikirini atakhala mbee, m'mphepete mwa chilembo chilichonse muli myaa.

Chithunzi chikamagubuduzika, mwina kompyuta ndi ya 50 Hz pomwe monita inatcheredwa pa 60 Hz. Potozani kabatani ka V-hold ka pa monita pang'onopang'ono mpaka chikhazikike.

Kwa ena amene monita yawo ili ndi pulagi ya mapini 9, ngati IBM 5151, njirayi si yanu. Imeneyo imafuna chithunzi cha mtundu wina chotchedwa TTL pafupifupi pa 18.4 kHz, pomwe Commodore imapereka pafupifupi 15.7 kHz, ndipo mungawononge monitayo. Ndikupemphaninso, musatsegule monita: chubu chake chimasunga magetsi amphamvu ngakhale mutazula pulagi pakhoma.