Njinga yopalasa chotsamira: muiyese pachitunda musanalipire

Bambo wina yemwe amakhala ku Britain wanditumizira imelo. Akuti akapalasa njinga wamba khosi ndi mikono zimawapweteka, chishalo nachonso chikuwasowetsa mtendere. Ndiye akufuna njinga ija munthu amakhala pampando motsamira, mapedulo ali kutsogolo, yomwe ogulitsa amaitcha recumbent. Akufunsa ngati atenge ya matayala awiri kapena atatu, komanso zoti akayang'ane akapita kukayesa.

Bambo, ine ndikuti yambani ndi ya matayala atatu. Ya awiri ndi yaliwiro ndithu. Mu 1933 Francis Faure, atakwera njinga yotere yopangidwa ndi Charles Mochet, anaposa onse pa mtunda wopalasa mu ola limodzi, ndipo mu 1934 bungwe la UCI, loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, linaichotsa m'mipikisano yake. Koma imafuna muphunzirenso kunyamuka nayo, phazi lina lili m'mwamba pa pedulo, lina pansi, njinga ikudzandira. Pa ya atatu mumangokhala n'kunyamuka.

Za matayala atatu zilipo mitundu iwiri. Tadpole ili ndi awiri kutsogolo, imakhala pafupi ndi pansi ndipo imagwira bwino pokhota. Amapanga makampani monga a ICE ku Falmouth komweko ku Britain, a HP Velotechnik ku Germany ndi a Catrike ku Florida. Delta, monga Kettwiesel ya kampani ya Hase, ili ndi limodzi kutsogolo, mpando wake ndi wokwererako ndipo imatembenuka pamalo ochepa.

Mukafika kusitolo musathamangire kupalasa. Khalani pampando, dzukani, khalaninso, popanda wokugwirani dzanja. Mipando ina ya tadpole ndi yotsika ngati kampando ka kukhitchini ya kumudzi, ndipo ngati mawondo akana pamenepo, adzakananso m'mawa uliwonse. Kenako wogulitsa akusunthireni chitsulo chonyamula mapedulo mpaka bondo lizipindika pang'ono pedulo ikafika kutali kwambiri. Akakusiyirani muyeso wa munthu wina, mudzaida njinga yabwinobwino.

Kuzungulira pamalo oimika magalimoto sikukuuzani kanthu. Pemphani nthawi yokwanira, mukapeze chitunda chenicheni. Panjinga iyi simungaimirire pa mapedulo, ndiye chokukwezani ndi magiya opepuka ndi kupalasa mofulumira. Musamakankhe mwamphamvu msana utakanikiza mpando, chifukwa mawondo ndi amene amalipira. Ubwino wake ndi wakuti mutha kukwera pang'onopang'ono osagwa, mukatopa n'kugwira buleki, kupuma muli pampando pomwepo. Ntchafu zikalemera musadabwe, minofu imatenga milungu kuti izolowere.

Potsetsereka, finyani buleki imodzi yokha. Pa tadpole zambiri dzanja lililonse limagwira tayala lake lakutsogolo, ndiye mumve ngati njinga ikukokera mbali. Pokhota mwaliwiro pendekerani mkati mwa kona, apo ayi tayala lamkati limanyamuka. Ndipo chonde, chonde, funsani mapedulo ogwira nsapato kapena a malamba a kuchidendene. Phazi likaterereka pa tadpole limagwira msewu n'kukokeredwa pansi pa chitsulo chopingasa, ndipo mwendo ukhoza kuthyoka. Ichi sindichitenga mopepuka ngakhale pang'ono.

Tengani tepi yoyezera. Njinga zambiri za matayala atatu ndi zotambalala pafupifupi masentimita 80, pamene zitseko zambiri zam'kati mwa nyumba ku Britain ndi masentimita 76. Kulemera kwake nthawi zambiri kumapitirira makilogalamu 15. Ngati mukukhala m'nyumba yam'mwamba kapena muziinyamula pagalimoto, sankhani yopinda, muipinde nokha wogulitsa akuonerera, ndipo muikweze nokha m'buti ya galimoto yanu.

Pamtengo muwerengeretu galasi loonera kumbuyo, nyali ndi mbendera yaitali, poti mutu wanu uzikhala m'munsi ndipo kucheuka mutatsamira n'kovuta. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwino ngati mwini wake akulolani kuikwera kaye. Akakana, isiyeni.