Azakhali, za ulendo wathu wa zisudzo ku Santhe

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Pepani mawu asasa chonchi. Mwafunsa ngati mumulole msuweni wanga kuyenda ndi gulu la zisudzo la kusukulu kwawo, poti mwamva kuti ife tinakaona zakuda ku Santhe. Ine ndikuti mulekeni apite. Koma ndikufotokozereni ndekha mmene zinayendera, musamangomva za m'maluwa.

Tinanyamuka pa boma la Kasungu m'mamawa pa lole, ng'oma, sipika, jenereta ndi zitenje zotchingira zonse momwemo. Titapatuka pa tala kulowa msewu wafumbi, tinangoona masamba aikidwa pamsewu. M'mudzi momwe timakaseweramo munagwa zovuta usiku. Ndiye inu mukudziwa, pamudzi pakakhala maliro ng'oma siilira. Aphunzitsi athu anatsika ndi anzathu awiri kukapepesa kusiwa, tinasonkha kangachepe ka chipepeso, ndipo amfumu eni ake ndi amene anatiuza kuti tikasewere pa bwalo la mpira kufupi ndi msika, kutali ndi malirowo.

Tafika kumeneko, jenereta inangolira pang'ono n'kuzima. Anyamata anakoka chingwe mpaka thukuta, osatheka. Basi tinasewera ndi pakamwa pokha, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, n'chifukwa chake mawu anga afika apa. Sewero lili mkati kunabwera kamvulumvulu, mitengo yomwe tinamangirira zitenje ija gwa! Atsikana anzathu anali kuseri akusintha zovala. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo n'kuthamanga kudzagwira zitenjezo ndi manja, ndipo anaimirira chigwirire mpaka kumapeto.

Koma chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi azakhali. Sewero lathu ndi la mtsikana wa Fomu 2 amene bambo ake, tenanti pa esiteti ya fodya, akufuna kumukwatitsa chifukwa ngongole yawafika m'khosi. Mnzathu amene amasewera bamboyo anamata ndevu za khonje, mbali imodzi zitayamba kale kumatuka ndi thukuta. Atangotambasula dzanja kulandira ndalama kwa mwamuna wofuna kukwatira mtsikanayo, agogo ena anadzuka ndi ndodo yawo, kulowa pakati pabwalo n'kumuloza: "Iwe, bweza ndalamazo! Mwanayu ngwa sukulu!" Milomo yawo ikunjenjemera, sanali kuseka ayi.

Aphunzitsi sanawabweze. Anaimitsa sewero n'kufunsa anthu kuti kodi mtsikanayu atani. Eee, mpamene panabuka mtsutso. Bambo wina anati inu ana a sukulu njala simukuidziwa, tenanti amadikira kulipidwa fodya akagulitsidwa, miyezi yonseyo adya chiyani? Ndipo sananame. Amayi anamuyankha kuti mwana si mbuzi yogulitsa pakagwa njala. Ife tinangoonjezerapo zomwe tikudziwa: kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomera, komanso kuti mtsikana akabereka ali ndi mwayi wobwerera kusukulu. Ena pamenepo zobwerera kusukuluzo ankazimva koyamba. Tikupakira katundu, mayi wina anandikokera pambali kufunsa kuti mwana wake, yemwe ali ndi khanda, akayambire kwa ndani. Ndinamuuza kuti akaonane ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yawo.

Ndiye nkhawa yanu ndikuimva, mwana wamkazi paulendo si nkhani yamasewera. Mufunse kusukuluko ngati pakhale mphunzitsi wamayi, galimoto yake ndi yotani, ndiponso ngati akabwere tsiku lomwelo kusanade. Akakuyankhani zomveka, musamuletse. Mumupatse botolo la madzi, kamba pang'ono, chitenje chapadera ndi kandalama kapambali, chifukwa ife nsima tinaidya dzuwa litapendeka kale.

Muuzeni andiimbire Loweruka madzulo, ndimuonetse kaponyedwe ka mawu kochokera m'mimba, kuti sipika ikakana asakapweteke kukhosi. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.