Za "66% het Pied" ija: yankho kwa achimwene a ku Area 25

Achimwene, mwati wina wakutumizirani pa WhatsApp chithunzi cha njoka ya mtundu wa ball python yooneka wamba, yabulauni ndi yakuda, koma akuti ndi "66% het Pied", ndipo mtengo wake waposa inzake yofanana nayo ndendende. Mukufunsa ngati akufuna kukudyerani masuku pamutu. Mwina ayi. Koma dziwani kuti ndalama yoonjezerayo mukugulira mwayi chabe, ndipo mwayiwo uli ndi masamu ake. Njokazi ndinawetako ndili ku Joni, ndiye ndifotokoze mmene ndikuzidziwira.

Nkhani yonse yagona pa majini. A m'gulu muno musathawe, sindikunena majini opita nawo kwa sing'anga, ndikunena tinthu ta m'maselo timene mwana amatengera kwa makolo. Pa chilichonse, njoka imalandira jini imodzi kwa mayi ndi ina kwa bambo. Pied, kapena kuti Piebald, ndi ija yokhala ndi zigamba zoyera mbee pathupi ngati yagwera mu ufa. Peter Kahl wa ku America ndiye anaonetsa mu 1997 kuti maonekedwe amenewa amatengera kumtundu. Jini yake ndi yobisala: siionekera pokhapokha njoka italandira ziwiri. Yolandira imodzi imaoneka wamba, ndipo ndi imene amaitcha het. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Bambo ndi mayi onse akuda amabereka mwana wachialubino chifukwa aliyense ananyamula jini imodzi osadziwa, palibe ufiti pamenepo.

Tsono tiwerenge. Mukakweretsa het ndi het inzake, dzira lililonse lili ndi njira zinayi: imodzi yotulutsa Pied weniweni, ziwiri zotulutsa het, imodzi yotulutsa njoka yopanda jiniyo n'komwe. Pied timamuona ndi maso, timamuika pambali. Otsala atatuwo amafanana ngati mapasa, koma awiri mwa atatu ananyamula. Awiri mwa atatu ndiye 66 peresenti ija. Choncho njoka ya pachithunziyo siili ndi "Pied wochepa" m'thupi ngati tiyi wochepa shuga. Ili nayo jiniyo kapena ilibe, basi. Akati 50% het, ndiye kuti kholo limodzi linali het, lina wamba. Akati 100% het, kawirikawiri kholo limodzi linali Pied looneka, ndipo pamenepo palibe kukayika.

Chimene ogulitsa ambiri sanena ndi ichi: ngakhale yanuyo itakhaladi het, mukaikweretsa ndi yawamba simudzaona Pied ngakhale mmodzi. Pamafunika inzake yonyamula jini yomweyo. Komanso mazira a ball python ndi ochepa, nthawi zambiri 4 mpaka 8 pachaka, ndipo yaikazi imatenga zaka pafupifupi zitatu isanayambe kuikira. Ine ndinadikira zaka zonsezo, het ndi het zotsimikizika, mazira 6, onse anaswa, Pied ziii. Ndinayamba kumuganizira zoipa amene anandigulitsa, mpaka nditakhala pansi ndi pensulo. Mwayi woti mazira 6 onse aphonye uli pafupifupi 18 peresenti. Zimachitika.

Pali gulu lina la majini losabisala, ndipo limeneli mumalidziwa kale mukaona nkhuku za kameta kumudzi. Yokhala ndi jini imodzi imatsala ndi kanthenga patsogolo pa khosi, ya ziwiri khosi limakhala lambee. Pastel ndi chimodzimodzi. Jini imodzi, njoka imawala chikasu. Ziwiri, imawala kwambiri ndipo amaitcha Super Pastel. Pamenepa mawu oti "het Pastel" pa njoka yooneka wamba alibe tanthauzo. Wina akakuuzani zimenezo, bwezani ndalama m'thumba.

Mayinawa ndiwo amazunguza mutu, chifukwa sanapangidwe ndi asayansi. Woweta amene wayamba kutulutsa maonekedwe atsopano amangotchula dzina limene lamusangalatsa, ndipo limamatirira. Ena ndi mayina a jini imodzi, ena ndi a kasakaniza. Bumblebee ndi Pastel kuphatikiza Spider. Ivory ndi Yellow Belly ziwiri. Mojave, Lesser ndi Butter zimamveka ngati zinthu zosiyana kutalitali, koma majini ake amakhala pamalo amodzi, n'chifukwa chake Mojave ndi Lesser zikakumana mwa mwana mmodzi mumapeza njoka yoyera ya maso abuluu, imene pachingerezi amaitcha Blue Eyed Leucistic, mwachidule BEL. Fire ziwiri nazo zimapereka yoyera, koma ya maso akuda. Ndiye zoyera ziwiri zikhoza kugona m'bokosi limodzi koma mkati mwake zili zosiyana.

Kumbali ina, Albino ndi Lavender Albino zimamveka ngati pachibale. Bob Clark anaswetsa Albino woyamba mu 1992. Koma mukakweretsa ziwirizi ana onse amatuluka wamba, chifukwa vuto lili pa majini awiri osiyana. Gulu la Hannah Seidel ku Eastern Michigan University linapima zikopa zimene njoka zafundula, zotumizidwa ndi oweta, n'kupeza kuti Albino imachokera pa jini ya TYR pomwe Lavender Albino ili pa OCA2. Jini ya OCA2 yomweyi ndi imene imabweretsa chialubino mwa anthu ambiri kuno ku Africa. Ndipo chifukwa cha kafukufuku wotereyu, masiku ano kunja kuli malo opima chikopa chofundula n'kukuuzani ngati njoka ili het, osadikira zaka zitatu ngati ine.

Spider ndiyo sindingakulimbikitseni, ngakhale mizere yake ndi yokongola. Jini yomweyo imabwera ndi vuto la kuzungulira mutu. Njoka imagwedeza mutu, ina imatembenuka chagada, ina imaphonya khoswe ali pamphuno pake. Ena amati zawo zilibe vuto, koma ine zimene ndinaona zinandikwana. Bumblebee ija ili ndi Spider mkati, dzina lokha ndi limene labisa. Super Cinnamon, ya majini awiri a Cinnamon, nayo nthawi zina imaswa ndi msana wokhota.

Tsopano za kuno ku Lilongwe. Ball python, Python regius, si njoka ya kwathu. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zopita kumisika ya kunja zimachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Ili pa mndandanda wa Appendix II wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, choncho yodutsa malire imayenera kukhala ndi zikalata, ndipo ofesi yofunsako ndi Department of National Parks and Wildlife. Wina akakuuzani kuti yake anaigwira ku Dzalanyama kapena m'mbali mwa Lingadzi, imeneyo ndi nsato yathu, yotetezedwa ndi lamulo, ndipo ikakula imapitirira mamita atatu pomwe ball python imathera cha pa mita imodzi ndi theka. Ganiziraninso za mazira: amafuna kutentha kwa madigiri 31 mpaka 32 kwa masiku pafupifupi 55 mpaka 60 osadukiza. Magetsi akathima usiku wa mu June kuno, opanda batire kapena sola, Pied wanu afera m'dzira.

Mufunseni wogulitsayo zithunzi za mayi ndi bambo wa njokayo, chithunzi cha ana onse tsiku limene anaswa, ndi chikalata cholowera m'dziko muno. Ngati pa anawo pali Pied mmodzi wooneka, ndiye 66 ija ili ndi maziko. Mukazilandira ziponyeni pansipa, tizione limodzi.