Amuna anga akuti ndivomere kuti ndinkayendetsa ndine

Mayi wina wandilembera imelo, ndipo mutu wa nkhani yake ndi uwu: "Kamera yapamsewu inajambula galimoto yanga ikuthamanga kupyola liwiro lovomerezeka. Kalata yabwera m'dzina langa, koma tsiku limenelo ankayendetsa ndi amuna anga. Iwo ali kale ndi mapointi ambiri pa laisensi, ndipo ntchito yawo ndi yapamsewu. Akuti ndingolemba kuti ndinali ine, chindapusa alipira okha. Kodi zimenezi zikhudza inshulansi yanga?"

Mapointi amenewa ndi zizindikiro zimene amalemba pa laisensi ya dalaivala akapalamula mlandu wapamsewu, ndipo akachuluka amamuletsa kuyendetsa. Achemwali, za inshulansi tifikako. Koma chomwe chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi mawu akuti "ndingolemba". Mawu amenewo ine ndinauzidwapo ndi munthu amene ndinkamulemekeza kwambiri.

Zaka zapitazo alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anabwereka galimoto yanga yawo ili kwa makaniko. Anaibweza ili bwinobwino, ataitsuka, mafuta atadzaza. Patapita masabata angapo kunabwera envelopu. Mkati munali chithunzi chakumbuyo kwa galimoto yanga, nambala ikuwerengeka bwino lomwe, koma pagalasi mdima wokhawokha, osazindikirika kuti pachiwongolero pali mwamuna kapena mkazi. Pansi pake panali fomu yofuna dzina la amene ankayendetsa, nambala ya laisensi yake, ndi kamzere kosainapo. Pamwamba pa kamzereko panali tizilembo ting'onoting'ono, timene anthu ambiri sitiwerenga, tonena kuti zomwe ndalemba ndi zoona ndipo ndikudziwa kuti kunama pa fomuyi ndi mlandu.

Ndinawaimbira foni. Anaseka kaye, kenako n'kuti, "Aa alamu, inu laisensi yanu ndi yoyera mbee. Tangosainani, ndalama ndikupatsani mawa lomwe. Adziwa ndani?" Nditawauza kuti ndiganize kaye, madzulo ake anabwera achemwali. Sanakalipe ayi. Anangokhala pamphepete pa mpando, chikwama ali nacho pamiyendo osachiika pansi, n'kuyamba kuwerenga: fizi ya ana, lendi, ngongole ya kubanki. Zonsezo, anatero, zikudalira kuti bamboyo akhalebe pamsewu. Tsiku lotsatira anaimba amayi, ndipo iwo anangoti, "Mwanawe, chibale ndi fupa, sichiola. Pepala lingakulekanitse ndi mlongo wako?"

Ndinalemba dzina la alamu. Panapita nthawi yaitali kunyumba kwawo ndikulandiridwa ndi moni wapakamwa chabe. Ana awo, amene ankandithamangira ndikangofika pageti, anayamba kundipatsa moni ali chiimire patali, ndipo mpaka lero ndimadabwa kuti anawauza chiyani. Chomwe chinkandiwawa kwambiri n'chakuti m'banja monse nkhani inatembenuka. Amene anathamangitsa galimoto ya eni ake anakhala wolakwiridwa, ine wokana kunama ndinakhala wouma mtima. Palibe ndi mmodzi yemwe anawafunsa alamuwo kuti mapointi enawo anachuluka bwanji. Mapointi sagwa kumwamba. Aliyense ali ndi tsiku lake ndi msewu wake, ndipo nthawi iliyonse munthu amakhala atachenjezedwa.

Anthu amaganiza kuti kusinthana tikiti ndi kabodza kakang'ono ka m'nyumba. Ku Britain kunali wandale, Chris Huhne, amene pambuyo pake anadzakhala nduna ya boma. Kamera inamujambula akuthamanga pamsewu wa M11 m'chaka cha 2003. Kumeneko ukafika mapointi 12 m'zaka zitatu amakuletsa kuyendetsa, ndipo iye anali atatsala pang'ono kufikapo. Mkazi wake, Vicky Pryce, anavomera kuti ankayendetsa ndi iye. Nkhani inagona zaka zambiri, mpaka banja lawo litatha mu 2010. Mayiyo, chifukwa cha mkwiyo, anakaiulula kwa atolankhani. Huhne anatula pansi udindo mu 2012, ndipo mu 2013 onse awiri anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 8 aliyense. Onse awiri, achemwali. Mkazi amene anangosaina uja khoti silinamumvere chisoni ngakhale ananena kuti mwamuna wake anachita kumukakamiza. Chomvetsa chisoni china, laisensi imene ankaiteteza ija anamulandabe pasanapite nthawi chifukwa cha mlandu wina wapamsewu.

Ku Australia nako kunali Marcus Einfeld, munthu amene anakhalapo jaji wa khoti lalikulu. Mu 2006 anapatsidwa tikiti ya madola 77 okha. Iye anati ankayendetsa ndi mnzake wina wamkazi wokhala ku America, koma atolankhani atafufuza anapeza kuti mayiyo anamwalira zaka zitatu tikitiyo isanalembedwe. Mu 2009 analamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu. Munthu wodziwa malamulo kuposa ine ndi inu, chifukwa cha madola 77.

Pamenepa maganizo anga ndi olimba, ndipo ena akwiya nawo. Mwamuna amene akupempha mkazi wake kuti amunamire pa pepala la boma akumupatsa katundu wolemera kuposa amene iye akuthawa. Iye akuthawa mapointi. Inu akukupatsani mlandu wonama kwa akuluakulu a malamulo, umene m'maiko ambiri umafikitsa munthu kundende ndi kumusiyira mbiri yaupandu. Komanso chinsinsi chimenechi mudzachisunga awiri moyo wanu wonse, ndipo aliyense wa inu adzakhala atagwira mnzake pakhosi. Lero mukukondana, tithokoze Mulungu. Banja la a Huhne nalonso linali lisanathe tsiku limene fomu ija inkasainidwa.

Musandimve ngati ndikuti matikiti onse ndi achilungamo. Ayi ndithu. Chindapusa chofanana kwa aliyense chimapweteka wosauka, pomwe wolemera amangochiona ngati mtengo wa kuthamanga. Dziko la Finland linaona zimenezi kalekale. Kuyambira mu 1921 ali ndi dongosolo loti chindapusa chiziyenderana ndi zomwe munthu amapeza. Mu 2002 Anssi Vanjoki, mmodzi wa mabwana a kampani ya mafoni ya Nokia, anamulipiritsa mayuro 116,000 chifukwa choyendetsa njinga yamoto pa liwiro la makilomita 75 pa ola pamalo a 50 mumzinda wa Helsinki. Anadandaula ndipo anamuchepetsera, komabe mfundo yake ine imandikomera: chilango chimve kuwawa mofanana m'thumba la aliyense. Kwina matikiti amasanduka njira yopezera ndalama. Mu 2015 unduna wa zachilungamo ku America unatulutsa lipoti la mzinda wa Ferguson ku Missouri, losonyeza kuti apolisi ndi khoti la mzindawo ankagwiritsidwa ntchito yotolera ndalama kudzera m'zindapusa, ndipo anthu osauka ankatsekeredwa chifukwa cha tikiti yaing'ono imene analephera kulipira kapena tsiku la khoti limene anaphonya. Zimenezi n'zoipa, ndipo aliyense amene walandira tikiti yabodza apite akaitsutse. Koma amuna anu sakunena kuti kamera inanama. Akuvomera kuti anathamanga, akungofuna kuti chilango chigwere wina.

Ndiye pali kudandaula kwa madalaivala kwakuti "ndinangopitirira pang'ono". Kudandaula kumeneku n'kwakale ngati galimoto yomwe. Munthu amene amatchulidwa kuti ndi woyamba kulipitsidwa chifukwa chothamangitsa galimoto, Walter Arnold wa ku Kent ku England, anagwidwa mu Januwale 1896 akuyenda mamailosi 8 pa ola pamalo pomwe malire anali 2, ndipo wapolisi anachita kumuthamangitsa pa njinga yakapalasa. Timaseka, koma masamu a mabuleki saseka ndi munthu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti galimoto iime utaponda mabuleki umawirikiza kanayi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse. Mapointi anawakhazikitsa kuti munthu amene amabwerezabwereza achoke kaye pamsewu asanaphe mwana wa munthu. Ku Germany amawasunga ku ofesi ina mumzinda wa Flensburg, ndipo ukafika 8 laisensi yapita. Ndiye dalaivala akapereka mapointi ake kwa mkazi wake, munthu weniweni amene dongosololi linkafuna kumuimitsa ndi amene watsala pachiwongolero, liwiro lake lomwe lija.

Tsono za inshulansi

Inde, zikhudza. Kampani ya inshulansi imakulipiritsani molingana ndi momwe ikukuonerani kuti mungachite ngozi, ndipo mbiri ya pa laisensi ndi chimodzi mwa zomwe imayang'ana. Mukavomera tikitiyi, m'mabuku awo wothamanga ndi inu. Pokonzanso inshulansi adzakufunsani ngati munapezekapo wolakwa pa mlandu wapamsewu, ndipo ku Britain mwachitsanzo ambiri amafunsa za zaka zisanu zapitazo. Tikiti imodzi ya liwiro nthawi zambiri imangokweza mtengo pang'ono. Yoimika galimoto pamalo olakwika kawirikawiri saiwerengera n'komwe. Zimene zimakweza kwambiri, mwinanso kuchititsa kuti akukaneni, ndi kuyendetsa utamwa, kuyendetsa mosasamala, kapena kukhala ndi matikiti otsatizana.

Koma vuto lalikulu lili pena. Inshulansi ndi pangano lodalira kuti mwawauza zoona. Ngati amuna anu alembedwa pa inshulansi yanu ngati dalaivala wachiwiri, ndiye kuti kampani ikuwerengera mtengo pa mbiri imene mwaiyeretsa mwachinyengo. Tsiku lachabechabe palibe amene adzafufuze. Amafufuza tsiku limene pachitika ngozi yaikulu, pamene ndalama zoti alipire ndi zambiri. Akapeza kuti munanama dala akhoza kuthetsa panganolo n'kukana kukonza galimoto yanu. M'maiko ena lamulo limawakakamiza kulipira munthu amene wavulazidwa, koma pambuyo pake amatembenukira kwa inu kuti muwabwezere. Ndipo funso lakuti "kodi inshulansi yanu inathetsedwapo?" lidzakutsatirani pa fomu iliyonse imene mudzalembe kutsogoloku.

Alamu anga aja ankatinso, "Nanga kalatayo mutangoisiya?" Imeneyinso ndi njira imene anthu amaikonda, kuiponya m'kabati ya m'galimoto n'kumayembekeza kuti boma liiwala. Chindapusa chimakula, masamoni amabwera, khoti limagamula inu kulibe, ndipo m'malo ambiri mumadzazindikira tsiku lokonzanso laisensi kapena mapepala a galimoto, kompyuta ikukana. Ku Britain kulephera kutchula amene ankayendetsa ndi mlandu paokha, wa mapointi 6, kuposa atatu amene munthu amapatsidwa pa tikiti wamba ya liwiro. Kwina laisensi amaiimitsa chifukwa cha ngongole ya zindapusa, munthu n'kumayendabe osadziwa, tsiku la ngozi n'kupezeka kuti ankayendetsa popanda chilolezo.

Ndiye chitani izi, achemwali. Onani deti lomaliza pa kalatayo ndipo muyankhe lisanakwane. Lembani dzina la amuna anu, sungani kope la fomu ndi umboni woti munatumiza. Iwowo asathamangire kulipira, chifukwa m'malo ambiri kulipira ndiye kuvomera mlandu, ndipo mapointi amalowa pompo. Ayambe aonana ndi loya wodziwa milandu yapamsewu. Loyayo adzaona ngati kalata inatumizidwa m'nthawi yake, ngati zikwangwani za liwiro zinalipo, ndi ngati pali mwayi wa maphunziro a madalaivala amene maiko ena amapereka m'malo mwa mapointi. Makhoti ena amamva dandaulo loti kulanda laisensi kuzunza ana ndi anthu ena osalakwa, koma amafuna munthuyo aime yekha, abweretse kalata ya kuntchito ndi mapepala a ngongole, osati kungolira pakamwa. Akauzenso abwana awo nkhaniyi isanawapeze kudzera kwina. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho mawu omaliza akhale a loya wa kumene mukukhalako.

Ngati mwasaina kale n'kutumiza fomuyo m'dzina lanu, musalembenso kalata ina yokonza nokha. Pitani kwa loya sabata yomwe ino, mupite nokha, ndipo asakhale loya yemwe akuimira amuna anu.