Za bambo anu ndi zakudya za m'mapaketi zija

Achemwali, pepani kwambiri ndi matenda a bambo. Mwati adokotala awapeza ndi Alzheimer's, matenda a ubongo oiwalitsa zinthu, ndiye mwawerenga kuti zakudya za m'mapaketi zimawononga ubongo, ndipo mukufunsa ngati mutaye zonse zili m'kabati, komanso ngati ndinu munawadwalitsa powagulira mabisiketi ndi zoziziritsa kukhosi zaka zonsezi. Ndiyambe ndi funso lachiwirili poti ndi lomwe likukusowetsani tulo. Palibe dokotala amene angaloze munthu mmodzi n'kunena kuti uyu wadwala chifukwa cha bisiketi. Alzheimer's imayamba mwakachetechete muubongo zaka zambiri munthu asanayambe kuiwalaiwala, ndipo ukalamba ndi chibadwa zili ndi gawo lalikulu. Mlandu umenewo musadzisenzetse.

Komabe zomwe mwawerengazo si nkhambakamwa. Tigwirizane kaye kuti tikunena zakudya ziti, poti apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka n'kuyamba kuopa chilichonse cha m'chitini. Nkhaniyi anaiyambitsa ndi Carlos Monteiro wa ku yunivesite ya São Paulo ku Brazil mu 2009, ndipo iye ndi anzake anagawa zakudya m'magulu anayi, njira yotchedwa NOVA. Nyemba kapena nsomba za m'chitini, tchizi, mkaka wamba, masamba oumitsa mufiriji, zonsezi sizili m'gulu lachinayi lomwe likudandaulitsa. M'gulu limenelo muli zinthu zomwe fakitale yaphwanya mbewu kapena nyama n'kuzimanganso ndi shuga, mafuta, mchere, utoto ndi zonunkhiritsa: zoziziritsa kukhosi, masoseji, tchipisi ta m'mapaketi, maswiti, makeke a m'sitolo, ma noodles ongothira madzi otentha. Ine ndimangotembenuza paketi n'kuwerenga. Ndikapeza mayina a zinthu zomwe sindinazionepo m'khitchini ya munthu aliyense, ndimadziwa kuti ndi zomwezo.

Ofufuza anagwiritsa ntchito UK Biobank, nkhokwe ya mbiri ya umoyo wa anthu ku Britain, potsatira anthu 72,083 a zaka 55 kupita m'tsogolo kwa zaka pafupifupi 10, ndipo 518 mwa iwo anadwala matenda oiwalaiwala. Zotsatira zake zinatuluka mu 2022 m'magazini ya Neurology: zakudya zoterezi zikachuluka ndi 10 peresenti pa zomwe munthu amadya patsiku, chiopsezo chimakwera ndi 25 peresenti. Chomwe chinandilimbitsa mtima n'chakuti powerengera, kuchotsa 10 peresenti yomweyo n'kuikapo zakudya zenizeni kunkatsitsa chiopsezo ndi 19 peresenti. Sananene zosiya zonse ayi, koma kusinthanitsa pang'ono. Chaka chomwecho ku Brazil, kafukufuku wa anthu 10,775 omwe anawatsatira kwa zaka pafupifupi 8 anapeza kuti omwe mphamvu ya m'zakudya zawo yoposa 20 peresenti inkachokera ku zam'mafakitalezi, nzeru zawo zinkatsika mofulumira ndi 28 peresenti. Za Parkinson's, matenda onjenjemera aja, zinamveka mu 2025: mwa anthu oposa 42,000 a ku America, omwe ankadya magawo 11 kapena kuposa a zakudya zoterezi patsiku, poyerekeza ndi omwe ankadya zochepa kwambiri, anali ndi mwayi wowirikiza kawiri ndi theka wokhala ndi zizindikiro zoyambirira zingapo, monga kusamva fungo, kuwodzera masana ndi kuponya manja ndi miyendo m'tulo. Dziwani kuti anawerenga zizindikiro, osati matenda enieniwo.

Manambalawa asakuopsezeni mopitirira muyezo. Kafukufuku yenseyu ndi wofunsa anthu zomwe amadya n'kudikira kuona chomwe chichitike, choncho amasonyeza kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, osati kuti china chabala chinzake. Munthu wodalira za m'mapaketi nthawi zambiri amakhalanso wopanikizika ndi ntchito, wosagona mokwanira, wosayendayenda. Ofufuza amayesa kusefa zimenezi koma sizisefeka zonse. Ndipo ngakhale pomwe anthu 604 anawagawa m'magulu awiri, ena n'kudya zakudya zotchedwa MIND zomwe amati n'zabwino ku ubongo kwa zaka zitatu, zotsatira za 2023 sizinaonetse kusiyana kwenikweni pakati pa magulu awiriwo. Aliyense wokugulitsani chakudya kapena ufa wina wake kuti umachiza kuiwala, muthaweni.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikukuuzanibe kuti muchepetse? Chifukwa njira ina yomwe zakudyazi zimafikira ku ubongo ndi yodziwika bwino, imadzera m'mitsempha ya magazi. Mu 2019 Kevin Hall wa ku NIH, bungwe la boma la America lofufuza za umoyo, anagoneka anthu 20 pamalo ofufuzira kwa mwezi, milungu iwiri akudya za m'mafakitale, iwiri zophika bwino, aliyense mmene akufunira. Pa milungu ya za m'mafakitale ankadya ma calorie (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 owonjezera patsiku, ndipo ananenepa ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Zimalowa mosavuta, sizitafunitsa, umazindikira kuti wakhuta mbale itatha kale. Kunenepa kwambiri, matenda a shuga, BP ndi mafuta oipa m'magazi zili pa mndandanda wa zinthu 14 zomwe bungwe la akatswiri la magazini ya zamankhwala ya The Lancet linanena mu 2024 kuti zikuthandizira pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalaiwala, ndipo n'zotheka kuzisintha.

Ndiye kabati musakhuthule. Yambani ndi ziwiri zokha: zakumwa za shuga ndi nyama zokonzedwa ngati masoseji. Zimenezi zikhale za apo ndi apo, osati za tsiku lililonse. M'malo mwake madzi, tiyi wopanda shuga wambiri, mazira, nyemba, nsomba, mtedza, zipatso. Mchere, bungwe la WHO limati usapose magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo wina umakhala utabisala kale m'mapaketimo, simuuona. Buledi wa tirigu wosapuntha kapena yogati wosatsekemera musalimbane nazo. Inuyo panokha, kayezetseni BP ndi shuga, chifukwa ndi pa msinkhu wapakatiwu pomwe BP yosasamalidwa imawonongera ubongo wa m'tsogolo. Mavuto a makutu ndi maso nawo ali pa mndandanda uja, ambiri sadziwa.

Za bambo n'zosiyana pang'ono, ndipo apa ndikupemphani mufatse. Odwala matendawa ambiri amaiwala kudya, amaonda, ena amayamba kukonda zotsekemera kuposa kale. Mukawalanda mwadzidzidzi bisiketi yomwe amamwera tiyi, mwina mungowawonjezera chisoni ndi njala, matendawo osabwerera m'mbuyo. Apatseni chakudya chophika poyamba, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, mukhale nawo pakudya, bisiketi ibwere pambuyo. Ngati ali ndi shuga kapena BP, mankhwala asadumphe tsiku. Mukapitanso nawo kwa adokotala, pemphani kuti aziwayeza kulemera ulendo uliwonse, ndipo mukaona akutsamwa kapena kukhosomola pomeza, munene tsiku lomwelo, musadikire tsiku lomwe anakulemberani.