Dzino langa linabenthukira pa chimanga chokazinga

Mayi wina wandilembera kuti dokotala akufuna kuwaveka crown (chivindikiro cha dzino) ya zirconia yokutidwa ndi porcelain (zonsezi ndi zoumba zowotcha pamoto, ngati mbale zadothi) pa dzino lakumbuyo, ndiye akufunsa ngati munthu angadziwiretu kuti idzasweka. Mayi, mwandigunda pabala.

Yanga inangotha zaka ziwiri. Tsiku lina madzulo ndikukukuta chimanga chokazinga, ndinangomva kuti thwa, kenako kanthu kolimba palilime. Nditalavulira m'manja, kanali kachibenthu koyera ngati njere ya mpunga, kakuthwa m'mbali. Lilime linkangothamangira pomwepo mpaka linachita chilonda. Koma chimene chinandiwawa kwambiri n'choti dokotala anati ndine wosasamala. Sindinavomere, ndipo mpaka pano sindivomera.

Zirconia yamkati inali bwinobwino. Iyo imapirira pafupifupi 1000 MPa (muyeso wa mphamvu imene chinthu chingapirire chisanasweke), pomwe porcelain yapamwambayo imathera cha m'ma 100. Vuto limayambira mu uvuni momwe amawotchera crown. Zirconia imachedwa kutaya kutentha, ndiye akaitulutsa msanga, kunja kwa porcelain kumauma m'kati mukadali moto, ndipo kukokana kumatsalira momwemo, pafupi ndi pamene ziwirizi zalumikizana. Katswiri wofufuza zipangizo za mano, Michael Swain, anafotokoza zimenezi mu 2009, ndipo masiku ano malangizo ndi oti izizizira pang'onopang'ono. Agogo anga ankadziwa kale. Ankakalipira mwana aliyense wofuna kuphula mbiya phulusa lisanazizire, ndipo ndikuwaonabe akuigogoda ndi chala, khutu ali tcheru, kuti amve ngati ili ndi mng'alu. Crown yanga palibe anaigogoda. Munthu walipira ndalama zambiri chonchija, kumunena kuti watafuna molakwika n'kumulakwira. Mano ntchito yake n'kutafuna!

Nanga kudziwiratu n'kotheka?

Pang'ono. Akatswiri amajambula crown pa kompyuta n'kuwerengera pamene mphamvu ikuunjikana, makamaka pamene porcelain yakhuthala popanda zirconia yoichirikiza pansi. Koma kompyuta siona kathovu ka mpweya kamene kanatsekeredwa poumba, siidziwanso kuti inu mumakukuta mano kutulo.

Poti ndi dzino lakumbuyo, losaoneka mukamaseka, afunseni za zirconia yokhayokha yopanda chokutira. Ngati mumakukuta mano usiku, auzeni asanayambe, akupangireni chovala m'kamwa pogona.